Nkhawa timaigonjetsa kapena timaitula?

Mayi wina wa Chigwirizano ku Kawale wandilembera motere: "Aphunzitsi, andisankha kuti ndikaphunzitse amayi anzanga mwezi wamawa. Mwana wanga wandilembera mutu pa foni kuti 'Kugonjetsa stress ndi kupeza mtendere wamkati'. Mutuwu sukundikhala bwino m'kamwa. Chinanso, m'Baibulo ndimawerenga kuti 'musadere nkhawa' pamene ife timati 'musade nkhawa'. Cholondola n'chiti?"

Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Mutu wa mwana wanuyo uli ndi mawu asanu ndi limodzi, ndipo atatu mwa iwo ndi achizungu. Limodzi labwera ndi suti yake, awiri enawo abwereka chitenje kuti tisawazindikire. Koma tiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lopepuka.

"Musade" ndi "musadere" onse ndi olondola. Kachidutswa ka -er- kamene kali pakatipo ndi komwe kaja ka kuphika ndi kuphikira, kulira ndi kulirira: kamaloza munthu kapena chinthu chimene ntchitoyo yalunjika. Munthu amada nkhawa, basi, ndi mmene alili. Koma amadera nkhawa mwana wake, fizi, feteleza. Tsegulani Buku Lopatulika pa Luka 10:41, Yesu akuuza Marita kuti "uda nkhawa nuvutika ndi zinthu zambiri". Pa Mateyu 6:34 pali "musadere nkhawa za mawa", chifukwa chodetsa nkhawacho chatchulidwa. Pa Afilipi 4:6 akuti "Musadere nkhawa konse", ndiye kuti chinthu chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Anthu amene anamasulira bukuli, William Murray ndi Amalawi amene ankagwira naye ntchito ku Mvera ndi ku Nkhoma mpaka linatuluka mu 1922, ankamva kusiyanaku. Chokha chimene mupewe n'kuwonjezera -er- wachiwiri. Ndinamvapo mlaliki wina wachinyamata akufuula kuti Mulungu amatiderera nkhawa. Kuderera ndi kupeputsa munthu, kumuyesa wosakwana. Madoda a kumpando wakutsogolo anangoyang'anana.

Ndipo musaiwale kuwauza amayiwo kuti kudera nkhawa munthu nthawi zina ndi chikondi. Mukauza mwana amene wachedwa kuchokera ku sukulu kuti "ndimakudera nkhawa", simukuulula tchimo. Ngakhale m'Chigiriki, mneni amene Paulo akuletsa nawo nkhawa pa Afilipi 4:6 ndi womwewo umene akuyamikira nawo Timoteo pa 2:20, kuti amasamala za Afilipi ndi mtima woona.

Tsopano "kuda" kumeneku n'kuti? Ena amati ndi kuda kwa chidani. Ine ndimakana. Ndi kuda kwa mdima, kuja timati kunja kwada, kwatidera panjira. Munthu wankhawa kwamudera mumtima dzuwa lili paliwombo. Agogo anga ku Nathenje, akaona mvula yadula mu Januwale chimanga chikumasula, ankakhala pakhonde n'kunena kuti "mumtima muno mwada bii". Sankadana ndi munthu. Umboni wanga ndi umenewo, ndipo wandikwanira zaka zonsezi.

Tibwere kwa mlendo wa suti uja. Liwu la stress, limene m'minibasi ya ku Area 25 limamveka kuti sitiresi, lameza mawu ambiri ngati nsato. Wopanda ndalama ya lendi ali ndi stress. Amene mwamuna wake sanagone pakhomo ali ndi stress. Woferedwa, wodikira zotsatira za MSCE, mlimi amene fodya wake wabwezedwa ku okushoni ku Kanengo, onse stress. Chikhalirecho Chichewa chimawasiyanitsa anthu amenewa. Pali nkhawa, ya chinthu chimene sichinafike. Pali mantha, a chinthu chimene chili pamphuno. Pali chisoni, cha zimene zachitika kale. Pali kutekeseka, kwa munthu amene sakukhazikika, akungolowa n'kutuluka. Pali kusweka mtima. Pali kuganiza kwambiri, mawu amene odwala ambiri amauza adokotala akafunsidwa chimene chikuwasowetsa tulo. A pa wailesi anabweretsanso "kupsinjika maganizo". Poyamba ndinkakunyinyirika, koma ndakulandira, pakuti kupsinja ndi mawu athu enieni, mmene thumba la chimanga limapsinjira lina m'nkhokwe ya ADMARC. Sindikuthamangitsa mawu obwereka. Foni, fizi, lendi, ndawalemba pano ndekha. Timabwereka chimene tilibe. Koma kukabwereka mphika kwa aneba, yako isanu ndi umodzi ili pa thandala, ndi ulesi.

Nanga "wamkati"? Mkati mwa chiyani? Mchewa akamva "zamkati" amaganiza za nthumbwana ndi chiwindi cha mbuzi pa chiwaya ku Mchesi, mwinanso kabudula wamkati. Chizungu chimaika mtendere mkati mwa munthu ngati madzi m'botolo. Ife timayang'ana pamene mtima uli. Munthu wankhawa mtima uli m'mwamba, wapachikika. Womutonthoza amati "khazikani mtima pansi". Nkhani yabwino ikafika, mtima umakhala m'malo, umangoti myaa. Mwaona? Kwa ife mtima ndi chinthu chimene chimachoka pamalo pake n'kubwerera. Ngati mukufuna dzina loti mulembe pa bolodi, nenani "mtendere wa mumtima". Aliyense amva. Pa Yohane 14:27 Yesu atanena kuti "Mtendere ndikusiyirani inu", akupitiriza kuti "Mtima wanu usavutike". Mtendere ndi mtima zimayendera limodzi ngati nsima ndi ndiwo.

Poti ndatchula ndiwo, ndiloleni ndibwerere ku nkhani yanga ya masiku onse. Ndakhala ndikunena kwa zaka zambiri kuti mtendere ndi mbale wake wa kutendera. Yang'anani mayi akutendera nkhwani. Masamba awira, madzi ali padera, masamba padera. Amathira nsinjiro, n'kuvundikira pang'ono, kenako amatakasa ndi mthiko mpaka zonse zigwirane, zisalale, ukali wa masamba uthe. Nkhwani uja ndi womwewo, sanachotsemo kanthu. Chalowamo n'chimene chasintha mphika wonse. Mnzanga wina amene anaphunzira za ziyankhulo ku Zomba amaseka akamva zimenezi, amati ndikungogwirizanitsa mawu chifukwa akumveka mofanana. Aseke. Sanandipatsebe chiyambi china chokoma kuposa changachi.

Chimene sangatsutse n'chakuti mtendere si bata. M'nthawi ya Kamuzu mawu awiriwa ankatchulidwa pamodzi pa wailesi tsiku ndi tsiku, "bata ndi mtendere", mpaka ambiri tinayamba kuwayesa amodzi. Bata ndi la kunja: nyanja yopanda mafunde, msika wa Lizulu usiku, nyumba imene anthu sakuyankhulana. Pa Marko 4:39 Yesu akudzudzula mphepo n'kuuza nyanja kuti "Tonthola, khala bata". Koma mavesi apambuyo pake akusonyeza kuti ophunzira anagwidwa ndi mantha aakulu bata litagwa kale. Amene anali ndi mtendere ndi uja ankagona pa mtsamiro ngalawa ikudzaza madzi. Paulonso analemba za "mtendere wa Mulungu wakupambana chidziwitso chonse" ali m'ndende. Amayi anu ambiri sadzapeza bata chaka chino, mitengo ya zinthu mukuidziwa. Musawalonjeze bata. Liwu limene Baibulo lawapatsa ndi linalo.

Latsala ndi "kugonjetsa", ndipo apa ndiye pagona nkhani. Si liwu lolakwika. Timagonjetsa adani, timu imagonjetsa inzake pa Bingu Stadium. Masiku ano m'mapemphero a usiku chilichonse chimagonjetsedwa, kumangidwa, kuphwanyidwa, kutenthedwa ndi moto. Koma fufuzani mmene Malemba a Chichewa amachitira ndi nkhawa. Pa 1 Petro 5:7 akuti "kutaya pa Iye nkhawa yanu yonse". Pa Salimo 55:22 akuti "Umsenze Yehova nkhawa zako". Kutaya, kusenza: amenewa ndi mawu a katundu, osati a nkhondo. Ndipo pakamwa pa anthu wamba pali liwu lina lokongola kuposa onse, kutula nkhawa.

Ndili mwana ndinkaperekeza amayi anga kokatola nkhuni. Mtolo unkakhala wautali kuposa iwo, womangidwa ndi luzi pawiri, pansi pake nkhata ya sanza. Ulendo wobwerera sankayankhula, khosi lili gwa, thukuta likutsikira m'makutu. Tikafika pabwalo sankauponya mtolo uja, ukanawathyola khosi. Ankaima n'kuitana kuti "Nditule!" Azakhali ankatuluka, n'kugwira mbali imodzi, amayi n'kupinda maondo pang'ono, mtolo n'kutsika. Akatero ankachotsa nkhata, n'kupukusa khosi uku ndi uku, n'kupuma mpweya wautali umene ndimaumvabe mpaka lero. Katundu wolemera sudzitula wekha, pamafunika wina wamphamvu aime pafupi. Ndipo wotulidwayo amayenera kuwerama. Ukaumitsa maondo, wokutulayo sangakuthandize. Phunziro lanu lonse la pemphero lili m'liwu limenelo, Mayi, ndipo amayi a ku Kawale amene anasenzapo ndowa kuchokera pa kiyosiki sadzafuna kuti muwamasulire.

"Kugonjetsa" kuli ndi vuto linanso. Mukauza mayi kuti agonjetse nkhawa, mawa ikabweranso adziyesa wolephera, wachikhulupiriro chochepa, ndiye mwamuwonjezera nkhawa yachiwiri. Koma nkhuni zimatoledwa kawirikawiri, ndipo palibe amene amachita manyazi kunena "nditule" Lachiwiri chifukwa ananena kale Lolemba. Wotula amathanso kukhala mnzako wa mumpingo, ngakhale namwino. Mayi amene watha masabata osagona, osadya, mtima ukungogunda, mumupempherere ndipo mumuperekeze ku chipatala. Kumenekonso n'kutulana.

Ndiye mutu wanu ulembeni kuti "Kutula nkhawa kwa Yehova", kapena ngati mukufuna wautali, "Kutula nkhawa ndi kukhazika mtima pansi". Mwana wanuyo musamukalipire. Chichewa chimenecho sanachipeke yekha, wachitola pa Facebook ndi pa zikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso zimene zadzaza m'mipanda kuyambira ku Biwi mpaka ku depoti. Mungomutuma akatunge madzi ndi ndowa yaikulu ija, ndipo akafika pakhomo mudikire kaye mumve chimene anene.