Ana 120, opanda zipangizo: yambani ndi mitolo ya timitengo

Wophunzira wina wa ku koleji ya zauphunzitsi (TTC) watitumizira imelo iyi: "Ndikupita kokayeserera kuphunzitsa ndipo andipatsa Sitandade 3 ya ana pafupifupi 120. Ku koleji amatiuza za TALULAR, kuti tizigwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera. Koma pa masamu ochotsera mobwereka ndingapange chiyani choti chithandize ana ochuluka chonchi?"

Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Ambiri akamva TALULAR amapanga abakasi (chipangizo chowerengera) imodzi yokongola ya dongo, n'kumaiwonetsa kutsogolo. Ana a m'mizere iwiri yoyambirira amaona, ena onse amangomva phokoso. Chipangizo cha masamu chizikhala m'manja mwa mwana, ndipo pa kalasi yanuyo chotsika mtengo kwambiri ndi mitolo ya timitengo.

Gawani anawo m'magulu a ana 6, zikupatsani magulu 20. Gulu lililonse likhale ndi mitolo 9 ya timitengo khumikhumi, ndi timitengo 20 tapaderapadera. Ndi timitengo 110 pa gulu, 2,200 kalasi yonse. Musachite mantha ndi nambalayi: mwana aliyense akabweretsa timitengo 20 mwakwanitsa kale, ndipo totsala tilowa m'malo mwa tothyoka. Awonetseni kamodzi kachitsanzo, kotalika ngati pensulo yogwiritsidwako ntchito, masentimita 12 kapena kuposerapo pang'ono, apo ayi ena adzabwera ndi nkhuni. Nsungwi yong'amba ndiyo imakhalitsa, bola muipale m'mbali kuti isacheke zala. Tsekera wouma ndi bango zimagwiranso ntchito, ngakhale zimathyoka msanga. Nsonga zonse zikhale zobuntha.

Pomangira dulani chubu chakutha cha njinga m'timphete topyapyala. Luzi likauma limakhwefuka, mtolo n'kutsala ndi timitengo 9, ndipo mwana amene wawerenga molondola amapeza yankho lolakwika osadziwa chifukwa chake. Mitoloyo amange ndi ana eni ake, akuwerenga mokweza. Limenelo ndi phunziro pa lokha, musalitenge ngati kutaya nthawi, chifukwa m'pamene mwana amakhulupirira kuti teni imodzi ndi mawanzi khumi.

Chimanga ndi nyemba musazigwiritse ntchito powerengera. Zimafumbwa, makoswe amadya, ndipo ana ena amaziika m'mphuno kapena m'khutu.

Tsopano samu yeniyeni. Titenge 32 kuchotsa 15. Gulu lililonse lijambule mizere iwiri pansi, ndi choko pa simenti kapena ndi chala pa dothi ngati mukuphunzirira pansi pa mtengo: kumanzere mateni, kumanja mawanzi. Aike mitolo 3 kumanzere, timitengo 2 kumanja. Nambala yachiwiri, 15, asaiyale, chifukwa ndi yochotsa; akaiyala amasokoneza ndi kuwonkhetsa n'kuphatikiza zonse. Kenaka funsani kuti, "Chotsani timitengo 5 ku mawanzi." Khalani chete. Apa m'pofunika kudziletsa, chifukwa mphunzitsi watsopano amathamangira kupereka yankho. Asiyeni avutike pang'ono mpaka wina anene kuti timitengo sitikukwana, wina n'kunena kuti timasule mtolo. Akamasula, kumanzere kutsala mitolo 2, kumanja kukhala timitengo 12. Musanapitirire funsani kuti, "Zonse pamodzi ndi zingati tsopano?" Ayenera kuona kuti ikadali 32, palibe chawonjezeka kapena kusowa. Achotse 5 kutsale 7, achotse mtolo umodzi kutsale umodzi. Yankho ndi 17.

Pamene ana akumasula mtolo, inu pa bolodi mukhale mukudula 3 n'kulemba 2, ndi kuika 1 pambali pa 2 wa ku mawanzi, nthawi yomweyo. Mukalekanitsa, lero timitengo mawa zolemba, ana amaziona ngati zinthu ziwiri zosagwirizana, ndipo m'kope amabwerera ku chizolowezi chawo. Mukamachonga mudzaona ambiri alemba 23. Si ulesi ayi. Mwanayo waona kuti 2 kuchotsa 5 sizitheka, ndiye watembenuza n'kuchita 5 kuchotsa 2. Ena adzalemba 27: amasula mtolo koma aiwala kuti mateni achepa. Onsewa abwezereni ku timitengo, osati kuwapatsa masamu ena khumi ofanana.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kagawidwe. Phunziro la mphindi 35 likhoza kutha mukungogawa zipangizo. Dulani pamwamba mabotolo 20 apulasitiki a malita awiri, lembani nambala ya gulu pa lililonse, ndipo muzisungamo timitengo ta gululo. Atsogoleri a magulu azitenga mabotolowo phunziro lisanayambe, ndipo mphindi zitatu zomaliza zikhale zomanganso mitolo ndi kuwerenga. M'gulu perekani ntchito: wina woyala, wina womasula, wina wochotsa, wina wolemba, awiri otsimikizira, n'kumasinthana pa samu iliyonse. Mukapanda kutero, mwana mmodzi wochangamuka agwira zonse, ndipo atsikana amanyazi ndi ana ochedwa kumvetsa adzangoonerera mpaka teremu kutha. Mwana wovutika kuona mum'patse ntchito yomasula, popeza mtolo amauzindikira ndi manja.

Mabotolowo musawasiye pansi, chiswe sichichedwa. Aikeni m'thumba n'kulipachika pa mtanda wa denga, kapena pemphani malo mu ofesi ya ahedi ngati kalasi ilibe chitseko.

Mukafika pa manambala a mahandiredi simufunika timitengo tina. Phatikizani magulu awiriawiri, amange mitolo khumi pamodzi ndi chingwe kukhala handiredi imodzi, ajambule mzere wachitatu kumanzere. Yambani ndi samu ngati 132 kuchotsa 15, ndipo yokhala ndi ziro pakati, monga 103 kuchotsa 15, muisungire sabata yotsatira chifukwa imafuna kumasula kawiri.