Yambani ndi chigoba, diresi libwere pambuyo

Mayi wina wowerenga watumiza funso pa imelo, ndipo mwachidule akuti: "Ndimakonda magemu a pa intaneti ophoda ndi kuveka chidole, makamaka a phwando lovala zigoba kumaso, lija amati masquerade. Koma ndikamaliza, chidole changa chimaoneka ngati chasenza katundu. Ndimataya nthawi kukongoletsa maso, kenako chigoba n'kudzaphimba zonse. M'magemu ovoterana ndimangopeza nyenyezi ziwiri. Komanso gemu ina yomwe ndinkasewera kale inasiya kutseguka. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, cholakwika chachikulu ndi chimodzi: mukutsatira ndondomeko imene gemu yakuikirani. Magemu ambiri otere amayamba ndi kusambitsa nkhope, kuchotsa ziphuphu ndi kuzula nsidze, kenako zophoda, tsitsi, diresi ndi nsapato. Chigoba amachiponya kumapeto, m'bokosi limodzi ndi ndolo komanso kachikwama. Koma pa phwando la mtunduwu chigoba ndiye mwini bwalo. Ndi chimene chimalamula mbali ya nkhope yoti iphodedwe, kamangidwe ka tsitsi, ngakhale mtundu wa diresi. Choncho gemu ikangotseguka, ngati imalola kudumpha, pitani kaye ku zigoba mukasankhe chimodzi, ndipo zina zonse muzimange pa chimenecho. Ngati silola kudumpha, thamangani mwachisawawa mpaka kumapeto, muone zigoba zomwe zilipo, kenako muyambirenso. Mutaya mphindi imodzi, koma mudziwa kumene mukupita.

Kuti mumvetse chifukwa chake zophoda zanu zikusowa, dziwani mmene chidolecho chinapangidwira. M'magemu a zithunzi zojambula, chomwe mukuona si chithunzi chimodzi ayi, ndi zithunzi zingapo zosanjikizana ngati mapepala oonekera mkati. Kawirikawiri pansi penipeni pamakhala tsitsi lakumbuyo, pamwamba pake thupi ndi nkhope, kenako zophoda, zovala, chigoba, tsitsi lakutsogolo, ndipo pomaliza chipewa kapena chisoti. Wopanga gemu ndiye anasankha chokhala pamwamba pa chinzake, ndipo opanga sagwirizana pa nkhani ya tsitsi lakutsogolo ndi chigoba. Kwina tsitsi logwera pamphumi limaphimba m'mphepete mwa chigoba, nthenga n'kumaoneka ngati zamera m'mutu. Kwina chigoba chimadula tsitsi pakati, nsonga zake n'kumatulukira pansi pa maso. Kuyesa kwake n'kosavuta: valitsani chigoba chachikulu kuposa zonse, kenako tsitsi logwera kumaso, muone chopambana. Mukaona kuti zikulimbana, tengani tsitsi lomangira kumbuyo kapena pamwamba, losiya mphumi poyera.

Tsopano zigobazo. Zambiri zimene ojambula magemu amaika anakopera ku Venice, mzinda wa ku Italy komwe opanga zigoba anali ndi malamulo a ntchito yawo kuyambira mu 1436. Chikondwerero chawo cha Carnival chinazilala boma la mzindawo litagwa mu 1797, n'kudzatsitsimutsidwa mu 1979, ndipo mpaka pano chimatha Lachiwiri, mawa lake n'kukhala Lachitatu la Phulusa. Kudziwa mayina ake kumathandiza, chifukwa chigoba chilichonse chili ndi zovala zoyenda nacho.

Chomwe mudzachipeza paliponse ndi colombina, chophimba theka la nkhope: maso, msana wa mphuno ndi pamwamba pa masaya. Milomo, chibwano ndi khosi zimatsala poyera, ndiye apo ndi pamene muyenera kugwira ntchito. Utoto wa pazikope wa mitundu itatu womwe mumavutika nawo suoneka n'komwe. Pa zibowo za chigoba pamangoonekera mtundu wa diso, mzere wakuda wozungulira diso, ndi timaubweya ta m'zikope. Chofunika ndi kupaka mtundu umodzi woderapo kuzungulira diso lonse, kuti pakati pa diso ndi m'mphepete mwa chibowo pasaoneke mkombero wa khungu lotuwa. Mkombero umenewu ndi umene umachititsa chidole kuoneka chodzidzimuka. Mukatero, nthawi yotsalayo ipite ku milomo. Chigoba chikakhala chodzaza ndi miyala yonyezimira ndi nthenga, milomo ikhale ya mtundu umodzi wakuya, wofiira kapena wapepo, wosanyezimira kwambiri. Chikakhala chosalala, milomo ikhoza kuwala. Zofiiritsa masaya muzipake m'munsi pang'ono kuposa masiku onse, apo ayi zibisala.

Pali zigoba ziwiri zosintha lamuloli. Cha lesi chimaonetsa khungu pa timipata take, choncho zophoda za m'maso zimaonekera ndithu, koma zikakhala za mitundu yambiri zimasokonezana ndi maluwa a lesiyo n'kuoneka ngati litsiro. Mtundu umodzi wowala pansi pa lesi yakuda ndi wokwanira. Chinacho ndi chigoba cha kamtengo, chogwira m'manja. Ichi chimasiya nkhope yonse kapena theka lake poyera, ndiye ndi chokhacho chimene chimabweza phindu la kuphoda maso mosamala. Ngati kukongoletsa maso ndiko kumakusangalatsani, mayi, sankhani ichi. Ingoyang'anani dzanja: m'magemu ena kamtengoko kamakhala pamalo amodzi osasuntha, ndiye mukasintha kaimidwe ka chidole kapena kuchipatsa kachikwama m'dzanja lomwelo, chigoba chimatsala chikulendewera m'malere.

Zophimba nkhope yonse sizifuna zophoda n'komwe. Volto ndi choyera chosalala, chokhala ndi milomo yojambula kale. Bauta ndi choyera chopanda pakamwa, chibwano chake chotulukira kutsogolo kuti wovala azidya ndi kumwa osachivula, ndipo chimayenda ndi chipewa chakuda cha nsonga zitatu ndi mkanjo wakuda. Kuchiveka pa diresi lapinki la maluwa n'kusokoneza nkhani. Moretta, yomwe ndi yosowa m'magemu, ndi kachigoba kakuda ka veleveti kozungulira, kamene akazi ankakagwira poluma batani la mkati, moti wovala sankatha kuyankhula. Kamasiya m'mphepete mwa nkhope poyera, ndiye tsitsi ndi ndolo ndi zimene zimagwira ntchito. Chamlomo wautali ngati wa mbalame chija ndi cha madokotala a mliri a m'ma 1600, omwe ankaika zitsamba zonunkhira mu mlomomo. Ndi cha zovala zakuda zazitali, magolovesi ndi chipewa. M'magemu ovoterana chimakopa maso, koma anthu ambiri amachiona ngati choopseza osati cha kudansi, ndiye chikhoza kukudyerani nyenyezi.

Za kusenza katundu zija, chimachititsa ndi chakuti gemu ili ndi mabokosi khumi ndipo mtima umafuna kutenga kanthu m'bokosi lililonse. Palibe amene anakulamulani. Werengani mitundu motere: iwiri ya nsalu, ndi chitsulo chimodzi, golide kapena siliva, osati zonse ziwiri. Chigoba chikakhala chobiriwira chokhala ndi mizere ya golide, diresi likhale lobiriwira kapena lakuda, ndolo ndi nsapato zagolide, basi. Mtundu wa chigoba uwonekerenso pamalo ena amodzi kapena awiri kutali ndi nkhope, monga pa magolovesi, lamba kapena m'munsi mwa diresi, kuti mutu usaoneke ngati wobwereka. Kuzungulira nkhope lolani chinthu chachikulu chimodzi chokha. Chigoba cha nthenga zazitali sichifunanso chisoti, ndolo zolendewera ndi mkanda wa mizere itatu. Sankhani pakati pa ndolo ndi mkanda: diresi losiya mapewa poyera likufuna mkanda ndi ndolo zazing'ono, diresi lotseka khosi likufuna ndolo zokha.

Chenjerani ndi mitundu yofanana koma yosafanana kwenikweni. Chofiira cha chigoba ndi chofiira cha diresi zikasiyana pang'ono, diso limaona ngati mwalakwitsa, pamene zikasiyana kwambiri limaona kuti munachita dala. Ngati gemu ili ndi posankhira mtundu polemba nambala za zilembo zisanu ndi chimodzi, monga 8B0000 ya chofiira chakuya, koperani nambala yomweyo pa zovala zonse. Ngati ilibe, thawirani ku chakuda, choyera kapena chitsulo chanu chija.

Diresi lalitali lotambalala m'munsi limauza munthu nthawi yomweyo kuti kuno ndi kudansi. Limabisanso mapazi, ndiye musataye nthawi posankha nsapato zomwe sizioneka. Chidole chachimuna n'chosavuta: suti yakuda kapena jekete lalitali, malaya oyera, mkanjo, ndi kachigoba kakuda kophimba maso okha, kotchedwa domino.

Pa nyenyezi ziwiri zija, kumbukirani kuti ovota amaona chidole chanu kwa masekondi ochepa, nthawi zambiri pa sikirini ya foni. Mu gemu ya Dress to Impress, yomwe inatuluka mu 2023 pa malo a magemu a pa intaneti otchedwa Roblox, aliyense amadutsa pa bwalo anzake n'kumupatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Mu Covet Fashion wovota amaonetsedwa zidole ziwiri kuti asankhe chimodzi. M'njira zonsezi timaluwa ting'onoting'ono ta pa mkono sitiwerengedwa. Chimene chimaoneka ndi maonekedwe a thupi lonse, mitundu, ndi ngati chigoba chikuoneka msanga. Musanamalize, chepetsani chithunzi kapena talikirani sikirini, mutsinzine pang'ono. Ngati chigoba chasowa m'tsitsi kapena pakhungu, sinthani mtundu wake. Chigoba chakuda pa tsitsi lakuda logwera kumaso chimangokhala chimthunzi, pamene mzere wagolide kapena wasiliva m'mphepete mwake umachidzutsa.

Tiyerekeze kuti gemu yakupatsani mphindi 5. Masekondi 30 oyamba apite ku chigoba, mphindi imodzi ndi theka ku diresi ndi mitundu yake, mphindi imodzi ku tsitsi poti ndilo limalimbana ndi chigoba, masekondi 30 ku milomo ndi maso, masekondi 45 ku magolovesi, ndolo kapena mkanda. Masekondi 45 otsalawo musawonjezere kanthu. Tembenuzani chidole, ngati gemu ndi ya 3D, muone kumbuyo ndi m'mbali ngati tsitsi silikuboola mkanjo kapena nthenga kulowa m'chipewa, kenako muvule chinthu chimodzi. Ndinene poyera kuti mavoti ena salungama: anthu olowa ndi anzawo amakonderana, ena amapatsa aliyense nyenyezi imodzi kuti apambane okha. Zimenezo simungazikonze ndi diresi.

Gemu yanu yakale ija mwina inali ya Flash. Magemu ambiri oveka zidole a m'ma 2000 anapangidwa ndi pulogalamu imeneyi. Kampani ya Adobe inasiya kuisamalira pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 inatsekereza zinthu za Flash kuti zisamaseweredwe. Chizindikiro chake ndi bokosi lotuwa kapena loyera pamalo pamene pankakhala gemu. Magemu atsopano ndi a HTML5, ndipo amatseguka mu browser popanda kuwonjezera kanthu. Mukaona uthenga wakuti mutsitse Flash Player kuti gemu iyambe, musadine. Flash yeniyeni sikupezekanso kwa eni ake, ndipo mauthenga otere ndi njira yodziwika yolowetsera mavairasi. Chimodzimodzi mabatani akuluakulu a Play kapena Download ozungulira gemu: ambiri ndi otsatsa malonda. Gemu ya mu browser sifuna fayilo yoika pa kompyuta kapena pa foni, monga ya exe kapena apk.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Ruffle ndi pulogalamu yaulere yoyerekezera Flash, imene mungawonjezere ku Chrome kapena Firefox pa kompyuta, ndipo webusaiti yosunga zinthu zakale ya Internet Archive imagwiritsanso ntchito yomweyi posunga magemu akale. Magemu osavuta oveka zidole nthawi zambiri amayenda bwino, ngakhale ena olembedwa ndi ActionScript 3, chinenero cha makompyuta cholembera magemu a Flash, amatha kusowa batani kapena phokoso. Njira yachiwiri ndi Flashpoint, nkhokwe ya magemu akale yomwe inayamba mu 2018. Tengani mtundu wake wa Infinity, umene umatsitsa gemu imodziimodzi mukaifuna. Wa Ultimate ndi waukulu kwambiri, umaposa terabyte imodzi. Ngati dzina la gemu mwaliiwala, lembani masquerade dress up kapena masked ball pofufuzira.

Pa magemu akalewa batani losungira chithunzi limakonda kukana, chifukwa linkadalira kompyuta ya eni gemu yomwe inazimitsidwa kalekale. Ngakhale m'magemu atsopano osafuna akaunti, zomwe mwasunga zimakhala mu browser yanu yokha, ndiye zimafufutika mukayeretsa mbiri ndi zosungidwa za browser kapena mukasewera pa zenera la incognito. Jambulani sikirini chidole chikadali chovala, musanadine batani lomaliza, chifukwa magemu ambiri pamenepo amalowetsa malonda kapena kubwerera poyambira. Pa Windows dinani Windows, Shift ndi S nthawi imodzi. Pa Mac ndi Command, Shift ndi 4. Pa mafoni ambiri a Android ndi batani lozimitsira pamodzi ndi lotsitsa voliyumu. Ngati pali posankha, sungani ngati PNG, chifukwa JPG imachititsa timizere ta lesi ndi nsonga za nthenga kuoneka mbuu.