Agadiyani a bedi iyi ali kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli kachipinda kamene ndinachititsa lendi kwa banja lina la ku Congo. Bamboyo anapita ku Joni ndipo foni yake inasiya kugwira. Mayiyo watsala ndi kamwana ka zaka 3, komanso ndi woyembekezera, mwina miyezi 6. Kusikelo sanapondeko ndi kamodzi komwe. Akuti akakangolembetsa dzina amugwira n'kumupititsa ku Dzaleka. Usiku ndimamumva akulira. Chichewa amangodziwa cha kumsika. Kodi kuchipatala angamulandire? Nanga ine ndingatani, poti si m'bale wanga?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambira pa mawu amene mwatsekera kalata yanu, akuti "poti si m'bale wanga", chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Zaka zingapo zapitazo ndinakhala masabata atatu pachipatala china ndikudikirira malume anga atachitidwa opaleshoni. Amene anakhalapo gadiyani akuidziwa ntchitoyi. Umadzuka kusanache kukatunga madzi osamba, uchape, ukaphike phala kukhitchini ya magadiyani ndi nkhuni zogula pageti, ukaime pamzere wa chakudya mbale ili m'manja. Wodwala akafuna kuchimbudzi, womugwira ndi iwe. Dripi ikatha, wothamanga kukaitana anesi ndi iwe. Akalemba mankhwala amene m'chipatalamo atha, wokwera kabaza kupita kufamase ndi iwe yemwe, ndipo usiku umayala chitenje pansi pa bedi n'kupinda miyendo.

Pabedi yoyandikana ndi ya malume panagona bambo wina, msodzi wa kutsidya kwa Chilwa, ku Mozambique, mwendo utatupa ngati mtondo. Anzake a m'bwato anangomutula n'kubwerera kunyanja. M'mawa uliwonse adokotala akamazungulira ankafunsa kuti, "Agadiyani a bedi iyi ali kuti?" Ziii. Mankhwala ankalandira, bala ankamutsuka, pasipoti palibe anamufunsa. Koma mbale yake inkangokhala pansi youma, poti iye sakanatha kuyenda kukaima pamzere. Tsiku lachitatu malume, mawu akuchita kutuluka movutikira, anandikodola. "Iwe, ukamapita ndi mbale yangayi uzinyamulanso iyo."

Kuyambira pamenepo ndimaona kuti zipatala zathu zimayendera achibale. Boma limapereka bedi, dokotala, ndi mankhwala akakhalapo, koma zotsala zonse ndi za banja. Tsono munthu wothawa kwawo, chachikulu chimene anasiya m'mbuyo ndi banjalo. Alibe azakhali oti amuuze kuti kutupa nkhope kumeneko si kwabwino, alibe apongozi omukalipira kuti bwanji sunayambe sikelo, alibe mlongo wosiyira mwana. Mlendo wanuyo chimene akusowa poyamba ndi munthu woyenda naye.

Za mantha akewo, sindikunamizani kuti akuopa zopanda pake. Dziko lathu povomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, linakana ndime zina, kuphatikizapo ya ufulu wosankha kokhala ndi ya ufulu wolembedwa ntchito. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo boma limati malo awo ndi kumsasa. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, pamalo pamene panali ndende ya anthu andale nthawi ya Kamuzu. Unakonzedwera anthu osaposa 12,000, koma tsopano muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula kuti onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kumsasako pofika pa 15 Epulo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anthu mazanamazana anagwidwa ku Lilongwe, ena limodzi ndi ana awo, n'kukasungidwa kaye kundende ya Maula. Mlendo wanuyo zimenezi anazimva, mwinanso akudziwa amene zinawachitikira.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Dzaleka mame aja adakalipo, ndipo ana obadwira kumeneko ena ali ndi ana awo.

Komabe anesi a kusikelo si a Immigration. Chimene amafuna ndi dzina, zaka, kumene munthu akukhala, mfumu ya deralo, mimbayo ndi yachingati ndipo zam'mbuyo zinayenda bwanji. Chisamaliro cha mayi woyembekezera m'zipatala za boma n'chaulere. Chiyambireni zitupa za unzika mu 2017 akhoza kufunsa chitupa, koma mayi wofika alibe chitupa si chachilendo kwa iwo. Inu mukayankhe zoona zokhazokha: ndi mlendo, akukhala pakhomo panga, mfumu yathu ndi yakuti. Musamupekere dzina lachichewa pofuna kumubisa. Dzina limene lilembedwe pabuku la kuchipatala ndi limene lidzalembedwe pa mapepala a kubadwa kwa mwanayo, ndipo bodza la lero lidzavutitsa mwanayo kutsogolo. Nkhani ya mapepala ake iyende payokha. Kuli nthambi ya boma yoona za othawa kwawo, kuli UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndipo a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno ku Zomba, kumene munthu angakafunse malangizo a zamalamulo. Koma mimba siidikira mapepala. Akapanda kupita masana ano akuyenda yekha, adzapita ndithu, koma pakati pa usiku, matenda atayamba, kwa anthu amene sadziwa kalikonse za magazi ake kapena mmene mwana wagonera.

Pa miyezi 6 wachedwa kale, chifukwa masiku ano amalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Koma zambiri zingathekebe. Akamuyeza magazi ndi kuthamanga kwake, akamuyeza HIV ndi chindoko, akamupatsa mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, katemera wa kafumbata ndi neti. Akapezeka ndi kachilombo, amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke, njira imene Malawi ndiye anaiyambitsa mu 2011 mayiko ena n'kutengera. Ngati ankamwa kale mankhwala ena alionse, kaya a BP, a khunyu kapena ma ARV omwewo, n'kusiya chifukwa chosamuka, anyamule botolo lake ngakhale lili lopanda kanthu. Botolo limanena zimene pakamwa palephera kufotokoza.

Pali tinthu tiwiri timene timabweza amayi pakhomo la sikelo. Koyamba ndi ka mwamuna. M'zipatala zina amafuna kuti tsiku loyamba mayi abwere ndi mwamuna wake, ndipo wopanda mwamuna amauzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu. Mwamuna wa mlendo wanu ali ku Joni, choncho yambani mwafunsa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati kalatayo ikufunika, asakachite manyazi pagulu. Kachiwiri ndi katundu wa tsiku lochira: zitenje zingapo, beseni, pepala lakuda loyala, lezala watsopano, ulusi. Ife timaziona ngati zazing'ono chifukwa achibale amasonkha. Iye womusonkhera alibe. Ngati muli mumvano kapena m'gulu la amayi a kumzikiti, nkhani ya zitenje zitatu siingakanike. Ndipo zizindikiro izi muzidziwe nonse awiri, chifukwa zikaoneka sipafunika kudikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu wosamva mankhwala, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi kwambiri, nsupa kusweka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kugunda.

Kamwana ka zaka 3 kaja musakasiye. Ana oyenda m'njira amadumpha katemera, ndipo buku lawo limatayika pamalire kapena kunyowa ndi mvula. Tinaona mu Febuluwale 2022 poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe, patatha zaka pafupifupi 30 tisanamumve. Chikuku nachonso chimakonda ana amene anaphonya katemera. Kusikelo ya ana akamupima, akamuyeza mkono ndi kalamba kaja, ndipo ngati wanyentchera akamulembera chiponde.

Tsopano chilankhulo, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Chichewa cha kumsika chimagula tomato, koma sichingafotokoze kuti ululu ukuyambira kumsana n'kutsikira m'chinena, kapena kuti mimba yapitayo anachira ndi opaleshoni. Munthu wosamva bwino chinenero amangoti "eya" pa chilichonse pofuna kuti asaoneke wovuta, ndipo anesi amene panja pakudikira amayi ambirimbiri amalemba "eya" yemweyo. Anthu ambiri a kum'mawa kwa Congo amalankhula Chiswahili. Muno mu Zomba olankhula Chiswahili alipo, yambani kufunsa amayi amene amapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, kapena kumzikiti. Koma womasulirayo akhale mayi, ndipo akhale wosunga pakamwa. Asakhale amuna anu, asakhale mnyamata wa pashopu, asakhalenso mwana wasukulu chifukwa choti amaphunzira Chifalansa. M'chipinda chija mumafunsidwa zinthu zimene mayi sanganene pamaso pa mwana kapena bambo wachilendo. Ndipo zotsatira za magazi ndi zake. Akafuna kuti mutuluke panthawiyo, tulukani osakwiya.

Za kulira kwa usiku, musafulumire kuganiza za ziwanda, komanso musafulumire kutchula "ku Mental". Ife a ku Zomba tinazolowera kuseka ndi dzina limeneli chifukwa chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili pakhomo pathu, koma kwa munthu wamantha kale mawu amenewo amamveka ngati ndende ina. Mayi amene mwamuna wake wangoti zii, ndalama ya lendi sakudziwa kuti ichokera kuti, ndipo ali ndi pakati m'dziko la eni, ali ndi zifukwa zokwanira zolirira. Mwinanso pali zakale. Nkhondo ya ku Kivu, kum'mawa kwa Congo, yazunza kwambiri amayi, moti Denis Mukwege, dokotala wa pachipatala cha Panzi ku Bukavu, analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa chosamalira amayi ogwiriridwa kumeneko. Inu musamufunse zimene anaona. Akafuna adzanena yekha, mwina mukusenda mbatata limodzi, mwina osanena n'komwe. Chimene mungachite ndi kumuitana pamkeka madzulo, kumupatsa kantchito kogwira nanu, kuti tsiku lisamathe asanalankhule ndi munthu wamkulu. Koma akasiya kudya, akamakhala masiku osagona, akasiya kusamala mwana, kapena akatchula zodzipha, auzeni anesi a kusikelo tsiku lomwelo, iwo akudziwa komutumiza. Kuvutika maganizo kwa amayi oyembekezera ndi ongochira kumene ndi matenda odziwika, ndipo amachizika.

Chinanso chimene sitikonda kunena: mayi wokhala yekha amene aliyense akudziwa kuti amaopa apolisi, anthu oipa amamuona ngati nyama yogwa kale. Ngati wina akumuvutitsa kapena kumuopseza kuti akamunenera, nambala ya 5600 ndi ya nkhanza, ya 116 ndi ya ana, zonse n'zaulere ndipo amaziyendetsa ndi a YONECO, amene likulu lawo lili muno mu Zomba. Wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mankhwala oteteza ku HIV agwire ntchito.

Ndikudziwa kuti ena owerenga akuti, mankhwala akutiperewera tokha, nanga tiziwonjezeranso alendo? Kuperewerako n'koona, nanenso ndinabwererapo ndi kapepala kopita nako kufamase. Koma chifuwa chachikulu cha mlendo amene akuopa chipatala chimakwera minibasi imodzimodzi ndi ife. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 sanafunse munthu chitupa. Komanso dziko lino linasungapo anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo yawo, mpaka atagwirizana za mtendere mu 1992, ndipo ambiri sanali mumpanda, ankakhala m'midzi, kutunga pachitsime chimodzi ndi makolo athu. Nanga athu amene ali ku Joni? Msuweni wanga anabwerako atamugwira chifukwa cha mapepala, ali pakati pa mankhwala a TB amene amayenera kumwa miyezi 6. Anafika ndi jumbo imodzi, wopanda kadi, wopanda kalata yosamutsira chithandizo, osakumbuka n'komwe dzina la mapiritsi. Zonse zinayambiranso poyambirira, kuyeza makhololo ndi zina. Iye kumeneko ndiye anali wa bedi yopanda gadiyani. N'chifukwa chake aliyense wapaulendo ndimamuuza kuti ajambule masamba a buku lake la kuchipatala pafoni, n'kutumizanso zithunzizo kwa m'bale. Mlendo wanuyo mumuchitire zomwezo akangolandira buku lake, chifukwa simukudziwa kuti mwezi wamawa adzakhala ali kuti.

Ndiye mayi, musangomuuza kuti apite kusikelo, sapita. Funsani alangizi a zaumoyo tsiku limene amalandira oyamba kumene, mugwirizane ndi womasulira, ndipo m'mawa wake mukagogode pakhomo pake mutavala kale. Kamwanako mubereke ndinu. Mulawirire kuti mukapeze malo pabenchi, ndipo munyamule botolo la thobwa ndi mbatata yophika, chifukwa tsiku loyamba limatha dzuwa litapendeka.