Musatenthenso mapesi, bambo

Mlimi wa ku Masambanjati m'boma la Thyolo wafunsa kuti: "Munda wanga uli pamtsetse. Ndinasosa n'kutentha mapesi mu Seputembala, ndinabzala itangogwa mvula yoyamba, koma inadula ndipo chimanga chinapserera. Itabweranso inakokolola feteleza yense. Kodi ndisinthe mbewu?"

Bambo, mbewu musayinamizire. Vuto linayamba tsiku lomwe munayatsa moto. Mapesi amene munatenthawo ndiwo akanaphimba nthaka, kusunga chinyezi pamene mvula inadula, kenako n'kuwolerana kukhala chajila. Inu munawasandutsa utsi, utsi womwewo umene ukuwonjezera kutentha kwa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Komanso ndikuganiza kuti munabzalira chizimalupsa. Mvula yobzalira mumaidziwa pokumba ndi khasu: chinyezi chilowe kupitirira kutalika kwa chikhatho chanu.

Za kukokolokako, ndikutsimikiza kuti mizere yanu ikuloza kumunsi. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, minda yotere ndiyo inang'ambika zigwembe, pamene yambiri yokhala ndi udzu wa vetiva inatsala ndi dothi lake.

Yambani ndi akalozera, mizere yopingasa mtsetse imene imatsogolera mizere ina, chilimwe chino. Pangani chimango chooneka ngati chilembo A ndi mitengo itatu, chingwe ndi mwala, muzikhoma zikhomo za kalozera pa miyendo yake pamene chingwe chagwera pakati penipeni pa mtengo wopingasa. Pamtsetse ngati wanuwo, akalozera atalikirane mamita 5 mpaka 10, ndipo mizere ina yonse iwatsatire, yotalikirana masentimita 75. Mvula ikakhazikika, bzalani vetiva pa akalozerawo. Mudule masamba ake, mugawe timaphata ta ziphukira ziwiri kapena zitatu, mubzale motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Ambiri amatalikitsa pofuna kuti udzu ukwanire munda wonse. Madzi amapeza mpata, amadutsa onse pamalo amodzi n'kukumba ngalande yoipa kuposa poyamba. Bola kumaliza kalozera mmodzi bwinobwino. Vetiva salowerera m'munda, ndipo mbande zake mungapemphe kwa mnzanu kapena kwa alangizi a dera lanu.

Tsekaninso mizere pa mamita awiri kapena atatu aliwonse, chotsekacho chikhale chofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi akhale m'khwawa n'kulowa pansi.

Feteleza musamamwaze pamwamba. Boolani kadzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani. Pakati pa chimanga ikanimo nandolo, masamba ake akayoyoka muwasiye momwemo pamodzi ndi mapesi a chaka chino.