Funsani Amakaniko: Ndigule Giyabokosi Ina?

FUNSO: Akulu, ndili ndi galimoto ya dizilo ya otomatiki, ya chaka cha 2009, ndipo yayenda makilomita opitirira 200,000. Masiku ano ikumachedwa kusintha magiya. Injini imalira mpaka kamuvi koonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi kufika pa 3,000 isanalowe giya yachitatu, ndipo ikamalowa imagwedeza. Pachitunda imafooka, nthawi zina imakakamira giya imodzi mpaka nditazimitsa n'kulizanso. Makaniko amene ndinapitako anangomvetsera kulira kwake n'kunena kuti ndigule giyabokosi ina. Ndiguledi?
Wowerenga wodandaula

YANKHO: Musagule kaye bambo. Makaniko wanuyo wagamula mlandu ndi khutu lokha, ndipo pa galimoto za dizilo giyabokosi imasenza milandu yambiri imene yapalamula ndi injini.

Giyabokosi ya otomatiki ili ndi kompyuta yake. Posankha giya imaona liwiro la galimoto, mmene mwapondera moto, ndi mphamvu imene kompyuta ya injini yanena kuti ilipo. Injini ikafooka, phazi lanu limaponda kwambiri inu osazindikira. Kompyuta ija imayesa kuti mukufuna kupitirira galimoto ina, basi n'kugwiritsitsa giya yotsika. Injini ya dizilo imakoka bwino pakati pa 1,500 ndi 2,500, choncho ngati yanu ikufika 3,000 paulendo wamba, ine ndingayambe kufunsa chimene chaifooketsa. Kawirikawiri amakhala fyuluta ya dizilo yotsekeka, sensa ya MAF yoyeza mpweya yomwe yada, valavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini) yomata ndi mwaye, kapena paipi ya turbo (chopopera mpweya mu injini) yong'ambika. Paipi imeneyi imadziulula yokha: mumamva kaphokoso ka mpweya wothawa mukaponda, utsi wakuda kumbuyo, ndi oyilo wonyowetsa pamene yang'ambikapo.

Pali kayesedwe kosafuna sipanala. Injini itatentha, pezani msewu wosalala wopanda magalimoto ambiri, muziponda pang'onopang'ono uku mukuyang'ana timivi tiwiri, ka injini ndi ka liwiro. Ngati tonse tikukwera limodzi koma mwaulesi, giyabokosi ikugwira, vuto lili ku injini. Koma ngati kamuvi ka injini kakudumpha pakati pa magiya, liwiro osawonjezeka, kenaka giya n'kulowa momenya, ndiye kuti maklatchi a m'kati akuterera kapena oyilo sakufika ndi mphamvu yokwanira. Apo mpamene ndingayambe kuikayikira giyabokosiyo.

Kukakamira giya imodzi kuja amakutcha limp mode. Kompyuta ikaona cholakwika imatsekera galimoto mu giya yachiwiri kapena yachitatu kuti isadziwononge, ndipo mukazimitsa imayambanso bwinobwino mpaka cholakwikacho chitabwereranso. Ubwino wake ndi woti imasunga nambala ya vutolo. Pansi pa dashibodi, chakumapazi kwa dalaivala, pali soketi ya mabowo 16 yolumikizira makina owerengera. Mukapeza P0101, P0299 kapena P0401, nkhani ndi ya MAF, turbo kapena EGR. P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro a mu giyabokosi, amene amasinthidwa popanda kuiphwasula yonse. P0750 ndi solenoid yosinthira giya. Imene imandidetsa nkhawa ine ndi P0730, chifukwa imanena kuti giya imene yalowa siikugwirizana ndi liwiro, chizindikiro cha kuterera. P0700 payokha isakuopseni, imangotanthauza kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo. Timakina tambiri totchipa timathera pomwepo, ndiye funani makina otha kulowa mu kompyuta ya giyabokosiyo. Ndipo musalole aliyense kufufuta manambalawo musanawalembe papepala.

Oyilo muonenso. Ngati galimoto yanu ili ndi kandodo koyezera, pa galimoto zambiri amayeza injini ikulira, itatentha, giya ili pa P, pamalo osapendekeka. Dontheserani pa nsalu yoyera. Oyilo ambiri a otomatiki amakhala ofiira akadali atsopano. Wakuda wonunkha chopserera akunena kuti maklatchi apsa. Wotuwa ngati wasakanizidwa ndi mkaka akunena kuti madzi a redieta alowamo kudzera mu chozizitsira oyilo, ndipo galimoto yotere isayendenso mpaka itakonzedwa. Zimene amanena ena zoti oyilo wa giyabokosi sasinthidwa moyo wonse wa galimoto ine sindizivomereza. Pa makilomita 200,000 mukhetseni, musinthe ndi fyuluta yake, muthire mtundu weniweni umene buku la galimotoyo likunena. Zomupopa ndi makina mwamphamvu mu giyabokosi yokalamba sindimalimbikitsa, zimatakasa zinyalala n'kutseka timabowo ta mavalavu.

Batire nalonso muliyeze. Lofooka limasokoneza makompyuta onse awiri.

FUNSO: Yanga ndi Mercedes 300D yakale, ya W123. Ilibe kompyuta, koma giya iliyonse imalowa momenya. Chavuta n'chiyani?
Mwini galimoto yakale

YANKHO: Yambani ndi timapaipi ta vacuum, mphamvu yoyamwa mpweya. Injini ya dizilo sipanga vacuum payokha monga imachitira ya petulo, choncho ili ndi pampu yakeyake. Kuchokera pa pampuyo, kapaipi kamadzera pa valavu imene ili pa pampu ya dizilo, n'kukafika pa modulator, kachipangizo kowongolera mphamvu ya oyilo, m'mbali mwa giyabokosi. Vacuum imeneyi ndi imene imafewetsa kulowa kwa giya. Timapaipi ndi timalabala tolumikizira tikauma n'kung'aluka, magiya amamenya. Pa galimoto zimenezi vacuum yomweyo ndi imene imazimitsa injini ndi kukhoma zitseko, ndiye ngati injini ikuchedwa kuzima mukatembenuza kiyi, kapena maloko ayamba ulesi, mpweya ukulowa penapake. Pezani geji ya vacuum, muyeze kuyambira pa pampu, kapaipi ndi kapaipi, mpaka pa modulator. Modulator yeniyeniyo musaipotokole kutayikira kusanapezeke.