Zimene munanena pokambirana sizingakhale umboni wokutsutsani

Bambo, mwafunsa ngati mnzanu amene mukulimbana naye pa nkhani ya ngongole ya katundu angathe kukauza jaji kuti inu munavomera kulipira theka la ndalamazo pa mediation (zokambirana zoyanjanitsa mbali ziwiri) ya ku High Court, zokambiranazo zisanasokonekere. Mtima ukhale m'malo. Lamulo silimulola kutero.

Malamulo oyendetsera milandu ya civil (yosakhala yaupandu, monga ya ngongole) ku High Court a chaka cha 2017, mu Order 13, amati milandu yambiri iyambe yadutsa pa mediation, pomwe jaji amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zolankhulidwa pamenepo, pamodzi ndi zimene jajiyo walemba, n'zachinsinsi. Mukalephera kumvana, mlandu umapita kwa jaji wina amene sanamve zomwe munakambirana. Chifukwa chake n'chomveka. Ndani angatsegule pakamwa n'kunena kuti "ndilipira theka" akudziwa kuti mawa mawu omwewo adzamumanga? Anthu ambiri amavomera kulipira chifukwa atopa ndi kuyendera khoti ndiponso kulipira maloya, osati chifukwa ndi olakwa. Mnzanuyo akangoyamba kutchula nkhaniyi pozenga mlandu, loya wanu aimirire pomwepo n'kukaniza.

Komabe chinsinsichi chili ndi malire, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Malisiti, makalata, mauthenga a pa WhatsApp amene munalemberana kale, zonsezi zikadali umboni ngakhale zinaonetsedwa pa mediation. Kuzibweretsa patebulo lokambirana sikuzibisa. Ngati munasainirana mgwirizano, umenewo umakumangani ndipo mnzanu angapite nawo kukhoti kuti muutsatire. Kuopseza munthu kapena kumunamiza kuti asaine nakonso sikutetezedwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene mungalankhule kunja kwa khoti. Mawu amene munganene kwa mfumu, kwa abusa kapena pafoni, Order 13 sakuwafikira. Ngati mukufuna kupitiriza kukambirana, lembani kalata ndipo pamwamba pake muike mawu akuti "without prejudice", kusonyeza kuti mukufuna kuthetsa mkangano ndipo simukuvomera mlandu. Dziwani kuti mawuwa amagwira ntchito pokhapokha kalatayo ikhaledi yofuna kugwirizana.

Pakadali pano musayankhe mauthenga ake okhudza ngongoleyi musanaonane ndi loya. Ngati ndalama zolipirira loya zikuvuta, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, mutatenga mapepala onse a mlanduwu.