Kwathu kunalibe golide, ndiye anakumba anthu

Achimwene, zoti atsamunda ankalimbirana chiyani mayiko a migodi, yankho lake ine ndakula nalo likutsokomola m'nyumba mwathu. Mafakitale a ku Ulaya ankafuna mkuwa, mphira, thonje ndi golide motchipa, ndipo amene wagwira dziko ndi amene ankatchula mtengo. Golide atapezeka ku Witwatersrand ku South Africa mu 1886, mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes anaganiza kuti kumpoto aliko wina, anthu ake n'kukamusainitsa Lobengula, mfumu ya Andebele kumene lero kuli Zimbabwe, pepala mu 1888 lopereka miyala yonse ya m'dziko mwake. Ku Congo, mfumu ya ku Belgium Leopold II ankafuna mphira mpaka asilikali ake ankadula anthu manja. Uranium ya mumgodi wa Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga ku Congo komweko, inakathera m'bomba la ku Hiroshima mu 1945.

Nanga Nyasaland, kopanda golide? Chuma chake tinali ife. Atsamunda anaika msonkho wa nyumba woti ulipire ndi ndalama, ndalama yoti kumudzi kulibe. Ndiye usankhe: thangata m'maesiteti a azungu, zomwe zinamukwiyitsa Chilembwe mu 1915, kapena ulowere kumigodi. Njira imeneyo sinatsekeke ufulu utabwera mu 1964. Bambo anga anaiyendabe.

Anagwira pansi pa nthaka ku Johannesburg zaka zambiri, n'kubwerako ndi wailesi, jekete ndi chifuwa. Usiku wina wa mvula ndinadzidzimuka ndi phokoso ngati munthu akung'amba nsalu. Anali atagwada pambali pa mphasa, atagwira beseni, magazi ali mmenemo. Mayi akuunikira ndi koloboyi, dzanja likunjenjemera mpaka moto kuzima kawiri. Bambo ankangoloza kasutikesi kawo kachitsulo, mawu osatuluka. Ndinaganiza akufuna mankhwala. Ayi, ankafuna ndione kakhadi ka nambala yawo ya kumgodi, kuti ndisadzakataye. Ndinawakweza panjinga m'matope, mutu wawo uli pamsana panga, kupuma kwawo kukumveka ngati mchenga m'chitini. Sanathe sabata.

Ndiye kuofesi ina yoona za ndalama za anthu a kumigodi, ndinayendako kasanu ndi kamodzi. Kalaliki wake, mwana wamng'ono kwa ine, osandiyang'ana n'komwe, akuti dzina silikugwirizana ndi nambala, chifukwa mzungu wolemba ntchito analilemba mmene linamvekera m'khutu mwake. Munthu wapuma fumbi la mwala mpaka mapapo kuuma, iwe ukundiuza za chilembo chimodzi? Panja pake panaima bambo wina wa tayi, akuti amadziwa mabwana, ndimupatse kangachepe. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Nambala ya foni yake mpaka lero siipezeka. Ameneyo ndi wakuda mnzathu, ndipo amandinyansa kuposa Rhodes, chifukwa Rhodes sanandiitanepo kuti mphwanga.

Inu amene muli ndi makolo oti anapita kumigodi, sungani kapepala kalikonse, kajambuleni pa foni, ngakhale ine kakhadi ndinakasunga koma sikanandithandize. Musapatse munthu ndalama pakhomo pa ofesi. Ndipo ana anu musawalole kukafera m'dzenje la eni. Komabe mng'ono wanga akukonza pasipoti mwezi uno, ndipo ya basi ndamuwonjezera ndine, pakuti pano palibe chimene akuchita.